Aneba ndi Mbalame za pa Chithunzi

Aneba athu okonza mawotchi ali ndi chithunzi chakalekale pabalaza, cha mzimayi wonenepa atagona pa udzu, mbalame zikuuluka pamwamba pake. Alendo amayang'ana mzimayiyo, koma iwo amawerenga mbalamezo n'kukabetcha nambala yake pa lotale. Sanawinepo. Ukawafunsa amati, "Wojambulayu sanali wopusa, ndife tikuchedwa kumumva."

Tsiku lina akazi awo anatopa ndi fumbi n'kupukuta chithunzicho. Theka la mbalamezo linatsalira pa kansanza. Zinali zitosi za ntchentche.

Bambowo anayang'anitsitsa chithunzicho, ife n'kumati lero maso atseguka. Kenako anamwetulira.

"Amayi, mwandithandiza. N'chifukwa chake sindimawina. Nambala yeniyeni ndi iyi."

Anavala nsapato, n'kunyamula ndalama ya lendi.