Chitenje cha nkhope yanu, Adada

Adada, ndikulemba ndili pamzere kuchipatala. Mwana wanga Tawonga watentha thupi kuyambira dzulo, sakuyamwa. Pothamanga ndangotola chitenje n'kumubereka, kufika kuno ndaona kuti ndi chija cha kampeni, cha nkhope yanu. Ndakumbuka tsiku lomwe munaluza ukhansala ku Masasa. Ine ndinkalira, ndikufuna kuchiwotcha. Inu munaseka n'kuti, "Iwe, waluza ndine, nsaluyi yalakwanji? Sunga, udzaberekera mdzukulu wanga." Munatisiya musanamuone.

Amayi ena pamzerepa akuzindikirani, akuti mpopi wa kwawo munabweretsa ndinu. Andiuza kuti, "Mwana wa akhansala, dutsani kutsogolo." Ndangowathokoza kuti yewo chomene, misozi ikutsika. Wotsatira kulowa ndine, Adada. Ndikuopabe, koma pang'ono.