Chipinda Chopanda Khomo

Nyumba yoyamba imene ndinamanga pa moyo wanga inali ya phulusa, ndipo tsiku lomwelo ndinadzitsekera m'katimo.

Munali m'zaka za m'ma 1950, kumudzi kwa akazi anga kufupi ndi Kaphuka, chimanga titangolowetsa m'nkhokwe. Nyumba yathu yozungulira inali itapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa, ndiye ndinaganiza zomanga ina ya makona anayi. Nzeruyo ndinaitola papepala limene wasitolo wina wa ku Dedza anandikulungiramo misomali. Panali chithunzi cha nyumba yochotsa denga, yooneka ngati munthu akuisuzumira ali mumtengo. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo chilichonse chosindikizidwa ndinkachipatsa ulemu woposa msinkhu wake. Chingerezi cha papepalapo chinandikana, koma mizere tinamvana.

Ndinaitana ana anga atatu: wachisamba wamkazi, amene anali atayamba kusinkhuka, ndi alongo ake awiri ang'onoang'ono. Tinalambula malo, tinakhoma zichiri, tinakunga chingwe cha khonje, kenaka ine ndinayenda chowerama ndi phulusa m'chipande, kuthira motsata chingwecho. Pothirapo ndinkalalikira ngati mphunzitsi weniweni.

"Mzere uliwonse ndi khoma. Khoma salumpha. Wolowa alowere pakhomo, ndipo aodire."

Mzere womaliza ndinauthira ndili m'kati mwa kachipinda ka kum'mawa. Nditaweramuka n'kukweza mwendo kuti ndituluke, kamnyamata kakang'ono kanakuwa.

"Ababa, mugumula khoma!"

Ndinatembenuka uku ndi uku. Phulusa mbali zonse, khomo ayi. Lamulo ndinali nditaika ndekha, ndipo maso a ana onse anali pamwendo wangawo. Ndinaubweza pansi. Nthawi yomweyo mnansi wathu, bambo wolima mbatatesi amene ankachekanso matabwa, anatulukira ndi khasu paphewa.

"Kodi anzanga, wakumangani ndani?"

"Ndikuyesa nyumba."

"Yesani bwino. Ndikauze amayi akubweretsereni chakudya komweko?"

Anyamata aja ndiwo anandipulumutsa. Anabweretsa phesi lalitali n'kunena kuti ndi makwerero, ine n'kukwera m'malere, kutsikira kunja, mnansi akuseka mpaka kutsamira khasu. Ndinati ndifute phulusa ndi chidendene kuti pakhale khomo, koma mtsikana uja anandigwira mkono.

"Musafute, ababa. Chimenechi ndi changa."

Ndinkayesa ndi masewera chabe. Koma chaka chomwecho alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe, anali atatumiza mawu kuti mvula isanagwe adzabwera kudzatenga mtsikanayo, akawalerere khanda. Kumeneko kunali kusiya sukulu ya pamudzi, kumene anali atayamba kundiposa kuwerenga. Ine ndinali mkamwini. Za ana mwini mawu anali malume wawo. Akazi anga ndikawafunsa ankangoti, "Ndi achimwene anga," n'kupitiriza kupeta. Mwanayo nkhaniyi ankaidziwa, ngakhale palibe amene anamuuza maso ndi maso.

Miyezi yonse yachisanu ana anakhala m'nyumba ya phulusa ija. Ankadyeramo, kukanganiramo, ngakhale kusesamo. Ndi mmenemo mmene tinaphunzirira kumanga, ine pamodzi ndi iwo, ngakhale ndinkadzionetsa ngati ndikudziwa kale. Ngodya zinkativuta, nyumba inkatuluka yopotoka ngati dengu lokhalidwa. Tinayesa izi ndi izo mpaka tinapeza kuti chingwe chikachoka ngodya ina kudutsa pakati kukafika ngodya ya kutsidya, chiyenera kufanana ndi chinzake chopingasa. Zikafanana, nyumba yaongoka. Mtsikanayo ndiye ankagwira mfundo ya chingwe, ndipo sankalola kuti tinamizire.

Khomo lalikulu ndinali nditaliyang'anitsa kumsewu kuti odutsa aziona. Koma m'mawa uliwonse tinkapeza mwera utauluza phulusa la mbali yomweyo, ana n'kumathiranso akunjenjemera. Mnyamata wamkuluyo anafunsa kuti, "Mphepo imene ikudya khomali, sidzalowa pakhomo?" Tinalisamutsa khomo, odutsa aone kumbuyo. Mazenera sitinawayeze ndi chilichonse. Ndinawauza ana kuti aliyense akhale pamene dzuwa layamba kumufunditsa nkhungu ikamayera, pomwepo tinakhoma kachichiri. Khonde ndinawafotokozera ndi chipewa changa, kuti mlomo wake ukakhala waufupi mvula imalowa m'khosi, ndipo khoma la dothi nalo lili ndi khosi lake. Nkhuku zokha ndi zimene sizinaphunzire kanthu. Zinkadutsa m'makoma ngati mizimu, anyamata n'kumazithamangitsa kuti zikalowere pakhomo.

Mtsikana uja ankalowa m'chipinda chake pa makwerero a phesi, akalowa n'kulikokera m'kati. Tsiku lina ndinamupeza atakhala momwemo, buku la kusukulu lili pamiyendo.

"Mayi, tiboole khomo tsopano. Udzakwera phesi mpaka liti?"

Sanadzutse mutu. "Mopanda khomo munthu sangamutulutsemo, ababa."

Ndinapita kukagwedeza zichiri zimene zinali zolimba kale.

Alamu anafika dzuwa litayamba kutentha, atavala jekete ndi nsapato zonyezimira. Sanali munthu woipa. Anali wanthabwala, ndipo kwawoko akazi awo analidi pa mavuto ndi khanda. Atapuma anati akaone nyumba imene anamva mbiri yake. Analunjika kuti angodutsa pamzere, anyamata n'kuwatsekereza.

"Amalume, khomo lili uko. Muodire."

"Odi kuno eni nyumba!" anatero akuvula chipewa, kuseka kuli m'kamwa.

Anawayendetsa pabalaza, kuchipinda kwathu, kuwaonetsa mazenera a zichiri. Anathera pakhoma la kachipinda ka kum'mawa. Mwanayo anali m'kati, phesi ali nalo m'manja.

"Tuluka mayi, tidzapatsane moni bwino."

"Mulibe khomo, amalume."

Alamu anakweza phazi. Anayang'ana anyamata, anayang'ana mwanayo, n'kulibweza phazi lija monga ndinachitira ine. Kuseka kunali kutatha. Ine amene ndinali ndisanatsutsepo mawu awo chikwatirire, ndinamva pakamwa panga pakuyankhula pokha. Ndinati njerwa zimamwa madzi ambiri, chitsime chili kumunsi kwa phiri, mlongo wawo yekha sangathe. Ndinatinso wodziwa mfundo ya chingwe ndi mwanayu, akachoka nyumba ipotoka. Zonsezi zinali zoona, koma ndinkatuluka thukuta ngati ndikunama.

Alamu anapukuta nsapato ndi udzu. Kenaka anati, "Chabwino alamu. Malizani nyumba yanu. Mukadzakoloweka chitseko chomaliza, munditumizire mawu ndidzamutenge."

Tinaumba zidina ndi dothi la pachulu, ana akuponda matope mpaka m'mawondo. Makoma anakwera pamene panali phulusa, ngodya zake zoongoka bwino. Tinafolera mvula yoyamba ili m'njira. Kachipinda kaja tinakaboolera khomo lotulukira pabalaza, mwini wake atavomera. Chitseko chakunja ndinakhoma sabata yomweyo chifukwa cha mphepo ndi afisi, cha kuchipinda kwathu chinatsatira. Koma cha kachipinda ka kum'mawa chinandivuta zedi. Matabwa ena anali aafupi, ena opindika. Misomali inkasowa pamene ndinaisiya. Tinapachikapo mphasa yakale, poyembekeza.

Alamu akabwera kutchuthi ankaima pabalaza, n'kuyang'ana mphasa ija.

"Nyumba yatha, alamu?"

"Chitseko chatsala, alamu."

Ankagwedeza mutu ngati munthu womvetsa mavuto a amisiri, n'kufunsa za mbatatesi. Khanda la ku Limbe linakwawa, linayenda, linayamba kuthamanga, mphasa ili pomwepo. Madzulo ndinkamva mwanayo kuseri kwake akuwerengera alongo ake mokweza, kuwakonza akalakwitsa, nthawi zina kukonza ndi ine ndemwe kudzera m'khoma.

Nyumbayo inagwa kalekale. Pamalopo pali kamtunda kamene adzukulu amabzalapo maungu, ndipo mtsikana uja tsopano ali ndi imvi zake. Koma ndikapita kumeneko miyendo yanga imazungulirabe kukalowera pamene panali khomo.

Zaka za mphasa zija pamudzi ndinatchuka ndithu. Anthu ankati munthu wowerenga mapepala uja chitseko chimodzi chamulaka. Amayi kuchitsime ankawamvera chisoni akazi anga, iwo n'kumavomera ndi nkhope yozizira bwino, osaonjezapo kanthu. Tsiku lina mnansi uja anandipeza pakhonde ndikuwerenga. Anakhala pansi, anafwenthera fodya, anasuzumira m'nyumba kuyang'ana mphasa, imene inali itayamba kuthothoka m'munsi.

"Anzanga," anatero, "matabwa a chitseko chanu ndinacheka kale, ali kuseri kwa khola langa. Koma ndikawagwira ndikuona ngati sanaume. Mitengo ya kuno imachedwa. Mwina adzauma mwanayo akadzamaliza sukulu."