Mlamu Wanga Blagoy ndi Galasi Lakumanja

Blagoy Mandzhukov ndi mlamu wanga. Anakwatira mng'ono wanga Velichka zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, ndipo pazaka zonsezi sindinamumvepo akunena kuti "sindikudziwa." Bambo ake, malemu a Stoimen, anali amagetsi enieni. Ndiwo ankakonza mathirakitala pa famu ya boma ya kwathu kuno isanathe, munthu wosalankhulalankhula, wofunsa kawiri asanadule waya. Mwana wawo anatengera bokosi la zida basi.

Ali mnyamata anapita ku Jeremani n'kukakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwerako ndi ovololo yotuwa yolembedwa dzina lake pachifuwa, komanso nkhani yoti ankalumikiza mawaya mufakitale ya magalimoto. Anzake amene anali nawo kumeneko amati mufakitalemo anakhalamo milungu itatu yokha, zaka zotsalazo ankapukuta magalimoto pamalo otsukira. Ukamufunsa amati ndi nsanje. Anatsegula galaja kuseri kwa nyumba kuno ku Tran, n'kukhoma chikwangwani chakuti "Katswiri wa Magetsi a Galimoto, Wophunzira Kunja."

M'chigwa muno Disembala akangolowa, nkhungu imagona pamsewu mpaka masana, ndipo ikakhudza galasi imauma gwa. Choncho magalasi a m'mbali odzitenthetsa okha aja kuno si manyado. Kuseri kwa galasi kumakhala kapepala ka timawaya tating'onoting'ono. Ukadina batani, magetsi amafika pamenepo, galasi n'kufunda, zoundanazo n'kusungunuka. Likasiya kufunda ndiye kuti fyuzi yapsa, kapena waya waduka penapake, kapena timawaya tija tatha. Zimenezi ndinaziphunzira mochedwa, utsi uli m'maso.

Mita yoyezera magetsi Blagoy anali nayo, ya bambo ake, koma ankaipachika pakhoma ngati chithunzi cha woyera mtima. Iye ankayeza ndi tsaya. Ankagunditsa tsaya pagalasi, n'kutsinzina, n'kunena kuti, "Lafa ili." Akatero ankaitanitsa latsopano. Magalasi ena amafadi, ndiye mwa anthu khumi alionse, atatu ankachoka atathandizidwa, ndipo atatuwo ndi amene ankamutama kumalo omwera khofi. Otsalawo ankauzidwa kuti galimoto yawo inatuluka m'fakitale ndi chilema.

Ine ndine Tsvetanka. Ndimagawa buledi ndi banitsa, zitumbuwa za kwathu kuno, m'midzi ya kumapiri, cha kumalire a Serbia, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka khumi ndi zitatu pagalimoto yangayanga. Ilibe zenera kumbuyo, magalasi a m'mbali ndiwo maso anga. Chaka chatha, chisanu chitangoyamba, lakumanja linasiya kufunda. Ndinkafuna kupita nayo kumzinda wa Pernik, koma Velichka anandigwira pamkono.

"Achemwali, anthu adzati chiyani akamva kuti mwadutsa galaja ya alamu anu n'kupita kwa alendo?"

Ndinamvera, ndipo uchitsiru wanga unathera pamenepo. Zotsalazo n'za Blagoy.

"Alamu," ndinatero nditafika, "lakumanzere likufunda bwinobwino, lakumanja ayi. Kodi si waya?"

"Alamu, inu ntchito yanu ndi buledi. Ine nditayamba kukuphunzitsani kaphikidwe ka banitsa mungamve bwanji?"

Anagunditsa tsaya lake lija, nati lafa. Polichotsa anakanula ndi sikuludiraiva mpaka galasi linang'aluka pakati. Anandionetsa zidutswazo ngati umboni. "Mwaona? Linali lofooka kale." Ndinaziponya pansi pa mpando.

Latsopano linabwera patapita masiku anayi. Silinafunde. Anati ogulitsa masiku ano ndi akuba, naitanitsa lina. Nalonso silinafunde. Kenako anasintha batani. Ndinamuuza kuti batanilo ndi limodzi, limayatsa magalasi onse awiri, ndipo lakumanzere likugwira ntchito.

"Ku Jeremani tinkanena kuti munthu wodziwa pang'ono ndi woopsa kuposa mbuli," anandiyankha.

"Munkanena ndani, alamu?"

Anachita ngati sanamve.

Milungu itatu yathunthu ndinkaima pamsewu pafupipafupi, kutsika, kuzungulira galimoto, kupala galasi ndi kapulasitiki, zala zitachita dzanzi. Tsiku lina m'mudzi wina wa kumtunda, ndikubwerera m'mbuyo pagolosale, ndinatsala pang'ono kupanikizira nkhalamba ina kukhoma. Anandipulumutsa ndi galu wake amene anauwa. Nditamuuza Blagoy zimenezi, anati nkhalamba zimayenda mosasamala.

Komabe zinamukhudza, chifukwa mawa lake anandiitana yekha. Anati andionetsa njira imene akatswiri okha amaidziwa. Anatsegula pansi pa chiwongolero, nasolola mtolo wa mawaya, nasenda umodzi, nalumikizapo waya wake wautali n'kuupititsa mpaka kugalasi lakumanja. Pasanathe mphindi imodzi galasi linali litatentha. Anatuluka kukaitana anthu oyandikana nawo.

"Gwirani, musaope. Gwirani mumve nokha."

Anthu anagwira. Velichka anabweretsa rakiya, kachasu wa kuno, ndi timatambula, nkhope ili mwee. Ine ndinagwiranso, ndipo linandiotcha chala.

"Alamu, likuyenera kutentha chonchi? Fyuzi ilipo?"

"Ndatenga pa waya wobiriwira, wodutsa pafyuzi. Mukundiyesa mwana?"

Patapita masiku awiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndikukwera chitunda cha kumudzi womaliza, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Ndinayamba kutukwana ophika buledi mumtima. Nditacheuka ndinaona utsi ukutuluka m'chitseko chakumanja, m'mphepete mwa zenera. Ndinaimika galimoto pakati pa msewu, ndinathamangira mbali inayo, ndinatsegula chitseko. Pulasitiki inali kudontha, moto uli lawilawi m'kati. Ndinakhuthula buledi wa m'thireyi imodzi n'kuyamba kutapa nayo chipale chofewa cha m'mbali mwa msewu. Amayi awiri amene ankadikira buledi pamwamba pa chitunda anatsika chothamanga n'kundithandiza ndi manja. Mmodzi wa iwo, Ginka, anakumbukira zochotsa waya wa batire, poti mwamuna wake anali woyendetsa thirakitala. Moto unazima. Ndinapsa padzanja, chipsera chake chilipo mpaka lero. Buledi yense ananunkha pulasitiki. Ginka anatengako kukapatsa nkhumba zake, madzulo anandiimbira foni kuti zakana.

Thirakitala ya m'mudzimo inandikokera kwa a Nedyalko Kyosev, mkulu wina amene anapuma ntchito yokonza mabasi. Ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, khutu limodzi silimva, ndipo alibe chikwangwani chilichonse. Anachotsa waya wa Blagoy uja, nabwezera batire, nayang'ana fyuzi ya magalasi. Inali yabwino. Anatenga mita, nandiuza kuti ndidine batani, nagunditsa timisomali take pa timawaya tiwiri tolowa kuseri kwa galasi. Magetsi sankafika.

"Galasi loyamba lija muli nalo, mayi?"

Ndinatulutsa zidutswa zija pansi pa mpando. Kapepala kakuseri kanali kadakali kamphumphu. Anayeza, nagwedeza mutu. "Linali lamoyo ili."

Kenako anakankha kalabala kamene kamakhala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, momwe mumadutsa mawaya. Waya umodzi unali utaduka, nsonga zake zitachita dzimbiri.

"Chitseko ichi mumatsegula kangati patsiku?"

"Mwina makumi anayi. Mathireyi a banitsa ndimaika pampando wakutsogolo."

"Ndiye wayesetsa wayayu. Wapindika zaka khumi ndi zitatu."

Anaulumikiza khofi wanga asanazizire. Chitseko ndiye chinafunika china, tinakachipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndi chabuluu pagalimoto yoyera, ndipo ana a m'midzi amaizindikira ili patali. Asanatseke pansi pa chiwongolero, a Nedyalko anandionetsa pomwe Blagoy anasenda.

"Analumikiza ku wofiira uwu, wochokera ku batire, wopanda fyuzi. Magetsi ankapita usana ndi usiku, galimoto itazima kaya ikuyenda. Wobiriwira suwu uli pambali pomwepa? Munthu woona sangalakwitse apa." Kenako anati, "Mwana wa Stoimen ameneyu."

Ndinawapempha kuti andidulire tizidutswa tiwiri, kofiira ndi kobiriwira.

Lamlungu Velichka anandiitana ku nkhomaliro, ankafuna kutiyanjanitsa. Ndinaika galasi lakumanja limene linasungunuka ndi moto uja patebulo, pambali pa mbale ya nyemba. Blagoy analitembenuza uku ndi uku.

"Ndinanena ine kuti ndi waya. Tsiku loyamba lomwe."

"Amene ananena ndine, alamu."

"Tinanena tonse."

Ndinatulutsa tizidutswa tija m'thumba n'kutiika pafupi ndi mbale yake. "Ndiuzeni, alamu, wobiriwira ndi uti apa?"

Anayang'ana nthawi yaitali. Makutu ake anafiira. Anapukuta pakamwa, naimirira, nati pali munthu akumudikira kugalaja. Linali Lamlungu masana, pabwalo panalibe galimoto ina kupatula yanga.

Velichka anadikira chitseko chitsekeke, kenako anayamba kulira. Anandiuza kuti mwamuna wake chibadwire sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, kwa iye zonse n'zotuwira. Kufakitale kuja anamuchotsa atamuyeza maso. A Stoimen ankadziwa, ndipo anamuchonderera kuti aphunzire ukalipentala, iye anakana. Tomato wa m'munda amathyola Velichka, iye akapitako amabwera ndi wosapsa.

"Musauze anthu, achemwali. Angafe ndi manyazi."

Ndisaname, chisoni chinandigwira, ndipo ndinayenda nacho mpaka kunyumba. Koma posintha bandeji padzanja chinandichokera. Maso si mlandu wake, zoona. Komatu mita sifunsa mtundu wa waya, imangokuuza ngati muli magetsi kapena ayi, ndipo inali pakhoma pomwepo. Mkazi wake anali kukhitchini, akanangomuitana kuti, "Tabwera undionere." Anaona kuti kuli bwino galimoto yanga ipse ine ndili momwemo kusiyana n'kufunsa munthu. Ndipo si ine ndekha. Ndinayamba kukumbukira magalimoto ena amene ankafa batire popanda chifukwa, ndi ya mphunzitsi wina imene nyali zake zinkazima akaliza hutala.

Anthu sindinawauze. Ndinangouza Blagoy pamaso kuti akadzagwiranso waya wa munthu, ndidzaima pamsika n'kufotokoza zonse. Chisanu chitatha anatseka galaja, nalengeza kuti msana wamuvuta chifukwa cha ntchito yakalavulagaga ya ku Jeremani. Panopa amagulitsa zida za magalimoto m'sitolo ina ku Breznik, ndipo aliyense wodandaula za galasi amachoka ndi galasi latsopano. Ovololo ija amavalabe, ngakhale mabatani apamimba sakumananso.

Mwezi watha ndinaima pafupi ndi sitoloyo, ndikudya m'galimoto zenera lili lotsegula. Blagoy anatuluka ndi munthu wina wachilendo, namubweretsa mbali yakumanja, nagogoda galasi langa ndi chala.

"Iyi inabwera kwa ine itapsa chitseko chonse. Ena anali atailephera. Gwirani mumve mmene likufundira."

Mlendoyo anagwira. Blagoy anasuzumira m'kati, nandipatsa moni ngati palibe chinachitika. "Muli bwanji, alamu? Likugwirabe ntchito?"

"Likugwira," ndinatero.

Ndinamusiya amalize nkhani yake, kenako ndinapempha mlendoyo kuti asunthe galimoto yake, chifukwa inali itanditsekera njira ndipo midzi iwiri inali isanalandire buledi.