Maso a Bambo Bentsil

Ku Sekondi kuno, mukafunsa za katswiri wowotcherera zitsulo, aliyense akulozerani kwa bambo Ebo Bentsil. Ine ndinagwira nawo ntchito pa kampani yokonza maboti kuyambira tili anyamata. Anali munthu wamtali, wa mawu ngati bingu, wosadziwa kudandaula. Ngakhale moto uwawambe pa mkono, ukawafunsa ankangoti, "Ndili nganganga ngati nangula."

Maso anayamba kuwavuta pang'onopang'ono. Poyamba ankati ndi utsi. Kenako tinkawaona akufufuza nyundo ndi manja, nyundoyo ili poteropo. Tsiku lina anaphonya makwerero n'kugwa kuchokera m'boti, ndipo abwana anawapempha mwaulemu kuti akapume. Kuchipatala anawauza kuti masowo sadzabwereranso.

Zaka zonsezo ankadulidwa ndalama ya penshoni pa malipiro awo, choncho anali woyenera kulandira thandizo la anthu amene sangathenso kugwira ntchito. Chinatsala n'kukaonekera kwa madokotala a boma kuti atsimikize. Ndinawaperekeza ndine, atavala nsalu yawo ya kente ngati akupita ku ukwati.

"Mukuona bwanji, bambo?" anafunsa dokotala wamkulu, mayi wachikulire wa magalasi.

"Bwinobwino, adokotala. Ndi kautsi chabe. Mawa lomweli ndikhoza kuwotcherera sitima yathunthu."

Ndinawaponda phazi, koma anapitiriza kudzitama. Madokotalawo anayang'anana, n'kutiuza kuti tidzabwerenso akadzapimidwa kachiwiri.

Titabwerera, tinawapeza akazi awo, Maame Araba, akukazinga nsomba zogulitsira kenke, nsima ya kuno, m'mphepete mwa msewu. Nditawafotokozera, anatula chipande.

"Iii, bambo ake a Kobina! Munapita kukapimitsa maso kapena kukafunsira mbeta?"

"Ine si wopemphapempha, Araba."

"Akupempha ndani? Ndi thukuta lanu lomwe limenelo. Munkasunga nokha, lero mukuchita nalo manyazi?"

Bambo Bentsil anangokhala pa benchi, manja awo a zipsera aja ali pa mawondo.

Ulendo wachiwiri Maame Araba anatseka malonda n'kupita nafe. Dokotala uja atafunsa funso lomwe lija, bambo Bentsil anakonza kukhosi, chifuwa chili patsogolo. Akazi awo anawadula.

"Auzeni za abusa."

Bambowo anaphulika kuseka.

"Lamlungu lapitali, adokotala, ndinapereka moni kwa abusa athu pa khomo la tchalitchi. Ndinawafunsa za amayi, za ana, za mwendo wawo wovuta uja. Osayankha! Ndinakwiya, n'kuwagwira pa phewa. Unali mgolo wa madzi, wina atayanikapo nsalu yakuda."

Tonse tinaseka mpaka misozi, ndi madokotala omwe. Kuseka kutatha, bambo Bentsil anayankhula motsitsa mawu.

"Zoona zake, nkhope yanu sindikuiona. Ya mkazi wangayu ndimangoikumbukira."

Maame Araba anayang'ana kudenga, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Dokotala analemba zolemba zake, n'kugwira dzanja la bambo Bentsil. "Mwagwira ntchito yokwana, bambo. Yotsalayo tisiyireni."

Mvula isanayambe, thandizo linayamba kufika mwezi ndi mwezi. Bambo Bentsil anaphunzira kuyenda ndi ndodo yoyera, ndipo amaigogoda pansi mwamphamvu moti agalu a m'dera lathu amawapatsa njira.

Chaka chino mnzathu wina, Kweku Arhin, woyendetsa makina onyamula katundu padoko, anafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kulemera. Anadzitsekera m'nyumba, osafuna kuonana ndi munthu. Bambo Bentsil anapita okha kukagogoda.

"Kweku, dzuka, usambe! Ukununkha ngati nsomba ya dzana. Tikupita kwa madokotala. Iwe ukhala maso, ine ndikhala pakamwa."

Ndinakumana nawo m'mawa umenewo pokwerera basi, atakolowekana mikono. Kweku ankawakokera kumbali kuti asagwere mu ngalande, iwo ali kalikiliki kukangana ndi kondakitala kuti awapatse mpando wakutsogolo.