Apongozi Anachira, Mwana Wanga Nkulemala

Inu owerenga, ine ndine mayi woimba. Pobala ndinaimba, potuta ndinaimba, pa maliro a amuna anga ndinaimba. Koma pakamwa pomwepa ndi pamene padulitsa mwendo wa mwana wanga, ndipo lero ndangoti duu.

Ndimasesa m'nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi boda ya Mchinji, momwe mwana wanga Yohane ankakweza matumba a mtedza m'mathiraki. M'menemo muli kangolo ka magetsi, ka nyanga ziwiri zolowa pansi pa thabwa la matumba. Munthu amagwira pachigwiriro nkudina ndi chala chachikulu, uku kutsogolo, uku kumbuyo.

Makoswe atadya mawaya, anyamata analumikiza okha. Kuyambira pamenepo kangolo kanazungulira mutu. Ukati pita, kabwerera. Ukati bwerera, kapita. Anatchaja batire, ayi. Anapukuta fumbi, anakagogoda ndi sipanala, ayi ndithu. Basi anakazolowera, nkukatcha Apongozi, poti ukawayandikira amakuthawa. Tinkaseka, ine nkupekapo kanyimbo.

Loweruka lina masana, anthu ataweruka, kunabwera makaniko wa ku Lilongwe. Anatsegula chigwiriro, anapeza mawaya awiri atasinthana malo, anawabwezera. Ndinalipo ndine ndekha ndi tsache langa. Pochoka anati, "Agogo, Lolemba muwauze kuti tsopano kakumvera, asadinenso mosemphanitsa."

Kuiwala sindinaiwale ayi. Ndinawauza. Koma ndinawauza mwa chikhalidwe changa, ndikuvina pakhomo: Apongozi achira ee, Apongozi asiya manyazi! Anyamata anaomba m'manja, wina nkuti, "Agogo, lero mwadzuka ndi thobwa lowawa eti?" Yohane anaseka, "Amayi inu, tatipatsani njira tigwire ntchito." Ine ndinkayesa amva. Iwo ankayesa ndi nyimbo chabe.

Yohane anaima pakati pa kangolo ndi khoma, matumba ali mulu pamwamba. Anadina monga mwa masiku onse kuti kamuchokere. Kanamvera chala chake. Kanabwera kwa iye.

Sanakuwe. Ndinangomva ngati nkhuni youma yathyoka.

Kuchipatala anamudula mwendo pansi pa bondo. Yohane sanandinenepo kanthu mpaka lero, akandiona amangofunsa ngati ndadya. Ana ake ndimawasambitsa, kuntchito ndimapita, ndimasesa pomwepo pakhoma paja. Kutchalitchi anzanga akamaimba ine ndimangoyendetsa milomo. Kulira sikubwera, kaya kunatsekeka pati.

Inu owerenga, ana anga, chitsulo chikayamba kuchita zosemphana, chiimitseni mpaka wodziwa abwere. Musachizolowere, musachiseke. Ndipo akakutumani mawu oti munthu angafe nawo, musanenere pagulu. Mugwireni mkono mwiniwakeyo, mumuyang'ane m'maso, munene mouma, ndipo musamusiye mpaka abwereze yekha zimene mwamuuza.