Nthambi ya Pichesi Pakhomo Pathu

Ndikakumbukira a Namakhwa, ndimamva fungo la utsi wa zitsononkho, ndipo ndimaona mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yawo utachita maluwa okhaokha popanda tsamba, mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi m'minda yokolola kale. Anali mkulu wa ku Mulanje amene anabwera kwathu, kufupi ndi Madisi, kudzagwira utenanti wa fodya, osabwereranso. Mkazi analibe, mwana analibe. Asanakalambe anagwirakonso ntchito yosamalira maluwa kwa namwino wina wa ku Japani, ndipo nkhani za mayiyo sankatopa nazo.

"Pichesi kwawoko amati momo, duwa amati hana," ankandiuza akutembenuza chimanga pamoto. "Liliponso lina, sakura, silichedwa kuyoyoka, ndiye limawakumbutsa kuti moyo ndi waufupi. Koma la momo ndi lanu atsikana. Amaika nthambi yake panyumba kuti mwana wamkazi akule wamphamvu, zoipa zimulambalale."

Ine ndinkangoseka, maso ali pa chimangacho.

Chaka chomwe ndinayamba sukulu ndinadwala chikuku, chinandigwira zedi. Ndinkagona pamphasa maso atamatika, ndikumva azimayi akunong'onezana pakhonde. M'mawa wina amayi potsegula chitseko anakuwa, "Mayo ine!" Pakhomo panali botolo la madzi, m'menemo muli nthambi ya maluwa a pichesi.

Amalume anga, a Gelesomu, sanachedwe kudziwa kumene yachokera. Anakawaitana a Namakhwa, ndipo zonse ndinazimva ndili m'nyumba.

"Mwasiya chiyani pakhomo pa mwana wodwala?"

"Ndi maluwa chabe, achimwene. Ndimati mwanayu achire."

"Achire? Kuno maluwa timaika pamanda! Inu mwamuika kale mwanayu ali moyo?"

A Namakhwa anayesa kufotokoza za momo, za atsikana a ku Japani, koma ndani akanamva? Munthu wobwera, wokhala yekha, wotchula mawu achilendo, mlandu unali utatha kale. Amalume anawauza kuti achoke pamudzipo, kaya ndichira kaya ayi. Madzulo ake ndinamva nkhwangwa ikulira kuseri kwa nyumba ya a Namakhwa, mtengo wa pichesi uja ukudulidwa.

Ndinachira. Tsiku limene ndinatuluka panja, miyendo ili lendelende, ndinapeza nyumba yawo ili pululu, nkhuku zikupalasa m'kati. Palibe anadziwa kumene analowera.

Amayi atakalamba, tsiku lina tikusenda mtedza, anangoti, "Mkulu uja tinamulakwira."

Zimandiwawa mpaka lero, sindinama. Masiku amene aja abale anga anali atayamba kale kukambirana za maliro anga. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaganiza zoti ndikula, ndipo ndi amene tinamuthamangitsa.