Kettie ndi Uvuni wa pa Linthipe

Inu amene mumadziona ochepa pantchito, imvani za Kettie.

Lolemba lina mu Juni, a Zikhalo, mwini kafakitale ka buledi pa Linthipe, anasonkhanitsa antchito awo.

"Magetsi atigonjetsa. Mayuniti a sabata yonse akumatha Lachinayi. Mwezi uno ukatha ndikutseka."

Kettie anamva zimenezi tsache lili m'manja. Anali wosesa. Makolo ake anamwalira ali Sitandade 7, sukulu n'kuthera pomwepo. Ntchitoyi ndi imene inamuchotsa pamsewu pa Chimbiya, pomwe ankathamangira maminibasi ndi beseni la kachewere. Kubwererako sankafuna.

Wosesa amaona zambiri. A Ephraim, mkulu wa ophika, akangophula buledi ankazimitsa uvuni. Ankachita za kunyumba: ukaphula mphika, umasolola nkhuni kuti zisathe. Koma chisanu cha ku Dedza sichichedwa. Wagolosale akabwera kudzafuna masikono, uvuni unali utazizira kale, n'kuyamba kuutenthetsanso. Kasanu pa tsiku.

"Bwana, bwanji tiziyatsa kamodzi?" anatero Kettie kwa a Zikhalo. "Tiyambe buledi, uvuni uli waukali. Kenako masikono. Tikazimitsa, kutentha kotsalako kuphike mabisiketi."

A Ephraim anaseka. "Tsache layamba kulangiza uvuni? Ine ndinayamba kuphika iwe usanamere mano."

Kettie anapitiriza kusesa. M'mawa mwake ananenanso. Tsiku lachitatu ananenanso, mpaka a Zikhalo anatopa naye.

"Chabwino, sabata imodzi. Zikakanika, woyamba kuchoka ndiwe."

Masana akaweruka, Kettie ankayenda golosale ndi golosale, kupempha eni ake kuti azineneratu zimene adzafune mawa. Ena anamukalipira: "Ife timagula tikafuna!" Iye anapitanso, mpaka anavomera.

Lolemba lotsatira, tsiku loyamba, mabisiketi anatuluka osapsa. Lachiwiri chimodzimodzi. Kettie anakhala pathumba la ufa. A Ephraim anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, chitsekocho ukumatsegulatsegula kusuzumira. Kutenthako kukuthawa. Chisiye, ndizikuuza ine akapsa."

Lachitatu anapsa bwino.

Lachinayi linadutsa, mita osalira. Loweruka masana a Zikhalo anaima pa mita paja, kuyang'ana, kupukuta magalasi awo, kuyang'ananso. Mayuniti anali akadalipo. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwezi wamawa mudzabwere nonse."

Kettie anatuluka panja. Mphepo inkawomba yozizira, koma iye anaimva kukoma.

Lero ndiye amalemba ndondomeko ya zophika pabolodi, ndi choko. A Ephraim akafika m'mawa amaima pabolodipo, manja kumbuyo.

"Mayi a tsache, lero mwatilembera chiyani?"

Inunso pamene mwaimapo pali chimene mukuona, chimene akuluakulu sakuchiona. Chineneni mwaulemu. Akakusekani, mawa mukanenenso. Mtima wokha musautaye.